Amalume Sailasi ndi Galu Wawo Unalumpha

Loweruka lapitali tinakaika mwala pamanda a amalume anga a Sailasi, kumudzi kwathu ku Nkomeshya. Patha chaka chimwalirireni. Olankhula pamwambowo anatchula zonse zoyenera kutchulidwa: kuti anali mkulu wa mpingo, kuti anayendetsa thirakitala zaka zambiri papulazi ina ya m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa, kuti nkhokwe yawo sinaumepo ngakhale chaka chija cha chilala pamene tonse tinkadya chimanga chachikasu. Zonsezo n'zoona. Koma palibe anatchula agalu, ndipo palibe anatchula Estele, amene anaphikira khamu lonse lija.

Estele ndi mkazi wa Lameki, mwana wamwamuna yekhayo wa amalume. Nkhani ya agalu ndi nkhani yake. Ndagwira ntchito ya nyuzi mokwanira kuti ndidziwe kuti nkhani ikapanda kulembedwa imatengedwa ndi amene ali ndi mawu aakulu, ndipo m'banja mwathu mawu aakulu anali a amalume. Choncho ndilemba.

Amalume anali aatali, owonda, oyenda mowerama pang'ono ngati akadali pampando wa thirakitala. Moni wa anthu unkabwera pambuyo. M'mawa ankayamba atukula phazi la galu aliyense kuyang'ana minga, kenaka n'kutembenuka kufunsa mmene tadzukira. Ine ankanditcha Ba Nyuzi, ndipo sikunali kundilemekeza.

Kupatula za kutchalitchi, chikhulupiriro chawo chachikulu chinali pa mbewu. Ankati chinthu chabwino chimawonongeka tsiku limene chasakanizidwa ndi china. Chimanga cha makolo ankachipachika kudenga la khitchini kuti chidye utsi, ndipo cha m'mapaketi sankafuna n'kuchigwira komwe. Tambala wa aneba akalowa pabwalo pawo ankamuthamangitsa okha ndi chibuma. Pa anthu pokha lamulo lawo linkatembenuka. Kwathu munthu amatenga mukowa, kapena kuti mtundu, wa mayi ake, ndipo a mukowa umodzi sakwatirana. Amalume anathetsapo ukwati wa mdzukulu wawo nkhuni zophikira zitatemedwa kale, atapeza kuti mnyamata ndi mtsikana anali a mukowa umodzi. Mtsikanayo analira mwezi wathunthu. Iwo ankagona tulo tabwino.

Atapuma ntchito papulazi anabwera ndi tiagalu tiwiri ta mimba imodzi, wamwamuna ndi wamkazi. Agalu awo onse anachokera pa awiriwo. Anali agalu enieni: ofiirira, a miyendo yaitali, a chifuwa chachikulu. Nguluwe zochokera kumapiri zinkadziwa munda woyenera kuulambalala, apusi chimodzimodzi. Anthu ankati "agalu a Sailasi" monga mmene amatchulira mtundu wa ng'ombe.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Galu wamkazi akafika nyengo yofuna amuna, ankamutsekera m'kakhola ka mitengo kuseri kwa nkhokwe, chitseko chake lata lochokera ku ngolo ya thirakitala. Agalu a m'mudzi ankazungulira n'kumalira panja, iwo atakhala pomwepo ndi ndodo. M'kakholamo munkalowa galu wawo yekha: nthawi zina bambo wake wa wamkaziyo, nthawi zina mlongo wake, nthawi zina mwana wake. Tiagalu tatikazi sankapatsa munthu. Ankati mbewu siituluka pakhomo.

Galu amene anthu ambiri akumukumbukira lero si mmodzi wa aatali aja. Ndi kagalu kafupi, ka miyendo yakutsogolo yokhota ngati uta, kamene amalume ankakayendetsa pa wilibala m'zaka zawo zomaliza. Nyengo yozizira ankawiritsa madzi, n'kumathowa mfundo za miyendo yake ndi kansanza, galuyo akubuula. Anamusemera kambale kafupi chifukwa chibwano chake cham'munsi chinali chotuluka ndipo mano anali opingasa. Popita kumunda, galu pa wilibala, khasu paphewa. Wina akati angomupha kuti apume, ankamuyang'ana munthuyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati iye amafuna kuphedwa bondo likamamupweteka. Chifundo anali nacho, ndipo ndinachiona ndi maso anga. Kachidutswa kake kokha kakanamukwanira Estele.

Galuyo anabadwa mu 1994. Mayi wake, Sitima, anaswera m'khitchini pafupi ndi khomo. Tiana tinali tisanu ndi kamodzi. Poyamba tonse tinkaoneka bwino. Patapita masabata angapo, tinayi tinayamba kuthamangitsana pabwalo, tiwiri tikukwawa kumbuyo: mitu ikuluikulu, miyendo yosatalika, mfundo zotupa. Kamodzi kanafa. Kachiwiriko kanakhala moyo.

Kwathu mwana wogona pansi salumphidwa. Amati ukamulumpha sakula, ndipo amene walumpha ayenera kulumphanso chobwerera kuti amasule. Tonse tinakula tikumva zimenezi. Amalume anangozitenga n'kuziika pa agalu. Funso lawo silinali lakuti chachitika n'chiyani. Linali lakuti ndani amalowa ndi kutuluka m'khitchini.

Yankho linali Estele. Anali asanathe chaka pamudzipo. Kwawo ndi ku Kanakantapa, kumene makolo ake analandira malo atachoka kum'mawa, ndiye pano analibe wachibale womuyankhulira. Komanso anali ndi pakati, mimba yake yoyamba.

Mwambo sulola apongozi aamuna kuyankhulana maso ndi maso ndi mkazi wa mwana wawo. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Choncho amalume anatuma Lameki: mkazi wako alumphe chobwerera. Ndinali nditapita kukaona amayi anga kumapeto kwa mwezi umenewo, ndipo ndinawamva awiriwo kuseri kwa nyumba, Estele akupeta chimanga.

"Estele, ni galu chabe," anatero Lameki. "Ungolumpha kamozi, mudala ankhale zii."

"Nilumphe kubwerera kuti? Sininalumphe."

"Niziba. Koma uchite chabe."

"Imwe muziba, ndiye mukabauze batate banu." Lichero linaima. "Nikalumpha lelo, mailo mwana wa munthu akachedwa kuyenda bazakamba ati ni ndani? Nanga uyu ali mumala, akabadwa na kachilema, muzaniyangana bwanji imwe?"

Lameki anabwerera kwa bambo ake. Ndi munthu wabwino, koma anakula akudziwa kuti bambo ake sapikisidwa.

Amalume atamva kuti wakana, sanakalipe. Anachita chimene anthu a kwathu amachita akakhala ndi mawu amene sangawanene pamaso pa munthu: anawapatsa galu. M'midzi yathu muli agalu otchedwa Muzaona, Sindikuopa, Lekanimiseche, ndipo aliyense amadziwa amene akunenedwa. Kagalu kokhota kaja anakatcha Unalumpha.

Taganizirani. M'mawa uliwonse, masana aliwonse, nthawi ya chakudya cha agalu, mawu a mkulu wa mpingo ankamveka pabwalo lonse: "Unalumpha! Unalumpha!" Mayi uja ali chigwadire pamoto mamita ochepa, mwambo ukumuletsa kuyankha. Ana a m'mudzi anatola dzinalo, ndipo sankaitana galu yekha. Pachitsime, amayi ankatola makanda awo pansi akamuona akubwera ndi ndowa. Sankachita mwachipongwe. Ankatola mwakachetechete, akumwetulira, ndipo zimenezo n'zimene zinkapweteka kwambiri.

Mwana anabadwa, wamwamuna, dzina lake Daliso. Azimayi anabwera kudzaona mwana monga mwa mwambo, koma aliyense ankavundukula chitenje cha kumiyendo. Amayi anga anandiuza okha kuti mlongo wawo anawatuma kuti akayang'ane mawondo a khandalo. Anapita, anayang'ana, ndipo Estele anawaona akuyang'ana. Miyendo inali yowongoka. Daliso atalimba khosi, Estele anamubereka, n'kuyenda mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi ya kwawo.

Ine poyamba ndinkaganiza kuti vuto ndi chakudya, poti agaluwo ankadya gaga kwambiri. Ndinabweretsa mafupa ogaya kuchokera ku Lusaka. Palibe chinasintha. Ndiye ndinakafunsa dokotala wa ziweto m'tauni, ndipo anandifotokozera momveka. Pali matenda akumtundu amene amalepheretsa mafupa ndi chicherewecherewe, mnofu wolimba uja wa kumapeto kwa fupa, kukula bwino. Galu amabadwa nawo. Miyendo imafupika n'kukhota, mfundo zimatupa, mutu umaoneka waukulu, ndipo akamakula mfundozo zimapweteka. Mankhwala ochiza palibe, alipo ochepetsa ululu basi. Bambo ndi mayi akhoza kuoneka abwinobwino koma ali nawo m'magazi, ndipo agalu apachibale akamaberekana okhaokha, matendawo amatulukira kawirikawiri. Amayi anga anawonjezera mfundo ina: chaka cha chilala, Estele asanadziwike n'komwe pamudzipo, kanabadwa kagalu kotere. Amalume anati ndi njala, n'kukakwirira katafa.

Zonsezi ndinapita nazo kwa amalume. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati dokotalayo anathamangitsapo nguluwe.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri linafika chaka chotsatira. A zaziweto anabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu. Ndinachita kupempha tchuthi kuntchito, chifukwa ndinali ndi umboni umene ndinkati palibe angaukane. Sitima anali ataswanso, Estele ali ku Kanakantapa miyezi yonseyo, ndipo pa tiana tatsopanoto kamodzi kanali kokhota.

Amalume anafika ngati mfumu ya agalu. Aatali aja ali pazingwe, Unalumpha ndi kakhanda kokhota kaja ali pa wilibala. Mzere unawapatukira. Wobaya katemera anali bambo wachikulire ndithu, wa ovolosi yobiriwira. Ataona wilibala anaika jakisoni pansi, n'kugwada, n'kuyamba kupapasa miyendo ya galu.

"Ba mudala, batate bake ba uyu ni bati?"

"Uja wa khutu long'ambika."

"Bamake?"

"Aba." Amalume analoza Sitima.

"Nanga uja na aba, pali chibale?"

"Ni mwana wake woyamba," anatero amalume monyada. "Kwanga kulibe vosakaniza."

Bamboyo anaimirira n'kupukuta manja. Anafotokoza zomwe zija ndinamva m'tauni, mwaulemu, mosathamanga, anthu onse akumva. Anati agaluwo ndi abwino kwambiri, koma akufunika magazi a kunja, ndipo okhotawo asabereke.

"Ngati ni magazi," anatero amalume, "bwanji benangu bali bwino? Bamake bamozi, batate bamozi, mumala mumozi. Magazi yasankha?"

"Yasankha, ba mudala. Batate bali nako kobisika, bamake bali nako kobisika. Mwana wamene watenga konse kubili ndiye aoneka so."

"Vobisika." Amalume anatembenukira anthu. "Aba bakamba vobisika. Ine nikamba vamene vinachitika pakhomo panga, masana."

Apa ndinalowerera. Ndinali nditakonzekera chiganizo changa kuyambira m'minibasi.

"Ba malume, Estele ali kwao kuchokera chaka chatha. Aka katsopano kanalumphiwa na ndani?"

Ndinaona Lameki atadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo. Amalume anasisita mutu wa Sitima pang'onopang'ono.

"Pamene analumpha bana, bamake banali kuti? Si banagona pamene apo, bayamwisa? Analumpha na bamake bonse."

Kumbuyo kwa mzere kunamveka "eeh" wa anthu okhutira. Ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi mlongo wa amayi anga pamaso pa mudzi wonse.

"Imwe munathesa chikwati chifukwa cha mukowa! Manje mukwatilisa mwana na bamake, muganiza chizachoka chani?"

"Galu alibe mukowa, Ba Nyuzi," anatero osakweza mawu. "Mukalembe ivo."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mawondo. Wobaya katemera anatola jakisoni wake n'kuitana wotsatira. Lameki anaweramanso. Ine ndinabwerera ku Lusaka ndi umboni wanga wonse, wosagwira ntchito ngati tochi yopanda mabatire. Chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti amalume sanali munthu wopusa. Injini ya thirakitala ankaimva kudwala ali patali. Funso lawo la tiana towongoka linali funso labwino, ndipo yankho analimva. Kungoti kuvomera kukanatanthauza kuti chimene chinapundula agalu awo ndi chitseko chawo chomwe, ndi ndodo yawo yomwe.

Ndikunena kuti analimva chifukwa cha zimene zinachitika pambuyo pake. Sitima atafikanso nyengo yake, sanatsekeredwe. Agalu a m'mudzi, a nthata ndi a michira yopindika, analowa pabwalo amalume ali kumunda. Wowafunsa ankamuuza kuti chitseko cha kakhola chinathyoka. Chitsekocho ndinachiona. Chinali chotsamiritsidwa kuseri kwa nkhokwe, chabwinobwino, mawaya ake atamasulidwa bwino ndi pulayala. Tiana tobadwa pamenepo tinali ta mawanga, tosakongola, ndipo tonse tinkathamanga. Okhota aja sanawalolenso kubereka.

Kamodzi mwa tatsopanoto anakatcha Zinatha. Lameki anathamangira ku Kanakantapa ndi nkhaniyo ngati wanyamula kalata ya chipepeso.

"Zinatha kwa ndani?" anafunsa Estele. "Dzina la uja wina basintha?"

Amalume sanasinthe. Lameki atawapempha, anati galu wamkulu saphunzira dzina lina. Sanapite pachitsime, kapena kutuma mlongo wawo, kuti akauze azimayi kuti asiye kutola makanda. Sanaime m'tchalitchi, mmene ankaima Lamlungu lililonse kudzudzula ena, kuti anene kuti analakwira mwana wa eni. Akanatha. Mwambo umene unawaletsa kuyankhula naye unawasiyira njira zambiri zopepesera: nkhuku, mthenga, ngakhale galu wina wa dzina labwinopo. Njira yomunyozera anaipeza tsiku limodzi. Yopepesera inawasowa mpaka kumanda.

Estele anabwerera mu 1997, amalume atafa ziwalo mbali imodzi. Anati wabwerera chifukwa Daliso ankafuna bambo ake, ndiponso Lameki sakanatha munda ndi wodwala yekha. Ndiye amene ankaphika phala la amalume, kuchapa zofunda zawo, n'kusiya mbale pakhomo kuti Lameki alowetse. Lilime la amalume linali litalemera. Mawu ambiri anawathawa, koma dzina la galu linatsala, ndipo ankaliitana ali pamphasa kuti galuyo abwere adzagone pamapazi awo.

Ulendo wanga womaliza ali moyo ndinakhala pambali pawo n'kuwafunsa mosazungulira ngati ali ndi mawu opita kwa amake Daliso. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenaka anaitana Lameki n'kumuuza kuti akanene kuti phala likukoma. Lameki anatuluka akupukuta misozi, chifukwa kwa iye amenewo anali mawu aakulu. Mwina analidi aakulu kwa munthu ngati amalume. Koma anamveka m'chipinda, kwa anthu atatu. Dzina lija linamveka mudzi wonse zaka zinayi.

Mwambo wa mwala utatha Loweruka, anthu ali pa chakudya, ndinapita kunyumba ya amalume. Simugonanso munthu. Lameki amasungiramo matumba a chimanga, cha m'mapaketi. Mpando wawo wa zikopa ukadali pakhonde, chikopa chake chitaphwa pakati. Pansi pake pali maenje osaya amene agalu ankakumba kuti agone pozizira, ndipo tsopano mwadzaza masamba. Wilibala yatsamira khoma, tayala litaphwa. Kakhola kaja kanadyedwa ndi chiswe, lata lake anafolera khola la nkhuku. Agalu aatali ofiirira kulibenso. Otsala ndi a mawanga, ndipo nguluwe amazithamangitsa bwino lomwe.

Unalumpha yekha ndiye sachoka. Wachita imvi kukamwa, sayendanso mtunda, ndipo amagona chopingasa pakhomo penipeni pa nyumbayo. Ndili chiimire, Estele anafika ndi dengu pamutu kudzatenga chimanga china, poti alendo anachuluka. Anaima. Galu anadzaza khomo lonse. Phazi limodzi lokha likanamudutsitsa.

"Ba mulamu, nimunyamule?" ndinafunsa.

"Musiyeni, amvela kubaba mukamunyamula." Anawerama pang'ono, dengu lili pamutu, n'kunena motsitsa mawu: "Unalumpha, choka apo."

Galuyo anatukula mutu, n'kuyamba kudzikoka pang'onopang'ono, mwendo umodzi, kenaka wina.

"Simungamuitane dzina lina?"

"Tinayesa. Ndiye lamene amvela." Anandiyang'ana cham'mbali. "Namva ati mulemba va bapongozi."

"Nilemba."

"Mulembe kuti benze kukonda agalu. Ni zoona." Anakonza nkhata pamutu. "Mulembe futi kuti sininalumphe."

Ndalemba. Estele sanalumphe.

Anadikira mpaka galu atafika m'dzenje lake pansi pa mpando wopanda munthu uja, n'kudzipinda. Pamenepo m'pamene analowa.